Mutu wa Dunkleosteus watha, kwatsala thupi

Sabata ino ndamaliza kusema mutu wa Dunkleosteus pa chipika cha mlombwa, ndipo kamwa layamba kuyasama bwinobwino. Kwa inu amene mwangondipeza kumene, iyi ndi nsomba yomwe inkakhala m'nyanja zaka pafupifupi 360 miliyoni zapitazo, m'nyengo ya Devonian. Mafupa ake ambiri afukulidwa ku Ohio, m'dziko la America, m'miyala yotchedwa Cleveland Shale.

Chandidyera nthawi kwambiri ndi nsagwada. Nsombayi inalibe mano enieni. M'malo mwake inali ndi mafupa akuthwa odula ngati sizasi, omwe ankanolana okha ikamatsegula ndi kutseka kamwa. Ndiye ndimapala m'mphepete mwa nsagwada yapansi ndi sandipepa pang'onopang'ono, ndikuyesa, ndikupalanso, mpaka yayamba kulowa mkati mwa yapamwamba mokhulana pang'ono chabe. Pakhosi ndaikapo kamsomali kuti mutu uzitukuka pamene nsagwada ikutsika, chifukwa chigoba cha mutu ndi cha pachifuwa zinkalumikizana mwa njira yotero. Ukaugwira mutuwo m'manja n'kuona kamwa lonse likutseguka nthawi imodzi, mtima umachita kugunda.

Tsopano nkhani ili pa thupi. Chimene chinasungika bwino m'miyala ndi zigoba za mutu ndi pachifuwa. Kumbuyoko kunali mafupa ofewa omwe amawola msanga, choncho aliyense wojambula kapena wosema amachita kusankha yekha. Zithunzi zambiri zakale zimaionetsa yaitali mamita 6 kapena kuposa, yooneka ngati shaki. Koma mu 2023 Russell Engelman wa ku Case Western Reserve University anayerekeza kutalika kwa mutu, kuchoka padiso kukafika kumapeto kwake, ndi kutalika kwa thupi pa nsomba zambirimbiri. Anapeza kuti yaikulu bwino inkafika mamita pafupifupi 3.4, ndipo yaikulu kopambana mamita 4.1. Inali yaifupi, yojintcha, yodzadza pachifuwa.

Ine ndatsata Engelman. Miyeso yake inachokera pa nsomba zenizeni, ndipo mutu wolemera chonchi umakhala bwino pa thupi lonenepa kusiyana ndi lowonda.

Thupilo ndalijambula kale pa katoni ndipo mawa ndidula chipika chachiwiri. Maso ndiwasiya kaye: anali ozunguliridwa ndi mkombero wa timafupa, ndipo pamenepo pafunika kampeni kakang'ono kuposa kamene ndili nako.