Fuel trim cells, timabokosi timene kompyuta ya galimoto imasungamo za mafuta

Anthu ambiri akalumikiza scanner (kachipangizo kowerengera kompyuta ya galimoto) amangoona LTFT (long term fuel trim, nambala yosonyeza mafuta amene kompyuta yazolowera kuwonjezera kapena kuchepetsa) ili +12% basi n'kuyamba kukuwa kuti pampu ya mafuta yafa. Dikirani kaye abale, nambala imeneyo ndi ya cell imodzi yokha.

Injini ya petulo imafuna mpweya 14.7 pa mafuta 1 poyeza kulemera kwake. Sensa ya oxygen ya pa ekizozi imauza kompyuta ngati mafuta achepa kapena achuluka, nde short term trim imakonza pompopompo, ikaona kuti ikungokonzera mbali imodzimodzi imakankhira ku long term, LTFT ija, kuti isunge. Koma sisunga nambala imodzi ayi. Kompyuta imagawa ntchito ya injini m'timabokosi malinga ndi RPM (liwiro limene injini ikuzungulira) komanso kulemedwa kwa injini, kalikonse kali ndi nambala yakeyake. Magalimoto akale a GM anali ndi timabokosi 16, m'kabokosi kalikonse nambala 128 ndiye pakatikati, ikapitirira pamenepo ndiye kuti kompyuta ikuwonjezera mafuta.

Phindu lake ndi ili. Ngati pa idle (injini ikungolira osaponda moto) LTFT yakwera kwambiri koma mukaponda moto ikubwerera pafupi ndi ziro, sakani paipi ya vacuum yong'ambika, poti kampweya kolowa mozemba kaja kamasokoneza kwambiri injini ikamakoka mpweya wochepa. Ikamakwera pamene mukulimbana ndi chitunda, apo nde ganizirani pampu, filita kapena MAF (sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini) yodzaza fumbi.

Ine amanditopetsa ndi aja ochotsa batire n'kumati takonza, angofufuta zimene kompyuta inaphunzira, P0171, code yonena kuti mafuta achepa poyerekeza ndi mpweya, ibweranso ndithu. Komanso mukaponda mpaka pansi pa magalimoto ambiri kompyuta imasiya kumvera sensa ya oxygen ija, kumeneko pochuna pamafunika wideband, sensa yoyeza ndendende kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi mafuta.