Tambala anawoloka, nkhoswe n'kutsala

Mphwanga wa ku Chinamwali, uja amachita geni ya kaunjika mumsika wa Zomba, anapeza mbeta ku Milange, m'dziko la Mozambique. Atsikana onse a ku Matawale, Sadzi ndi Mpondabwino sanawaone, maso ake anakatera kutsidya kwa malire. Poti malume wake ndine, unkhoswe unagwa pa ine. Ndinagula tambala wofiira wa lipombo lake, ndinachapitsa jekete, n'kutuma uthenga kwa atsibweni anga a ku Jali kuti atiperekeze, chifukwa iwo Chilomwe amachilankhula mpaka miyambi yake.

Usiku woti mawa tinyamuka ndinawakhazika pansi atsibweniwo.

"Atsibweni, chitupa mwatenga?"

"Chitupa cha chiyani? Makolo athu anachokera komweko wapansi, atasenza mitolo. Anawafunsa chitupa ndani?"

Ndinawaphunzitsa bwinobwino, mwauphunzitsi. Ndinati zinthu zinasintha mu 2017 pamene bungwe la NRB linalemba m'kaundula aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo, anthu oposa 9 miliyoni. Kale munthu unkangoonetsa kalata ya amfumu kapena chiphaso chovotera, zako n'kuyenda. Lero kubanki akufuna chitupa cha unzika, kulembetsa nambala ya foni chitupa, feteleza wotsika mtengo wa boma chitupa. Nanga kulowa m'dziko la eni? Ndinawauzanso kuti pasipoti yanga inatha, poti imakhala zaka 10 zokha, koma tikafika pachipata tikapempha boda pasi. Iwo anangoti, "Chabwino aphunzitsi," n'kukagona.

Tinadzera msewu wa Jali, Phalombe mpaka pa Chitakale, kenako minibasi ya ku Muloza, kudutsa m'minda ya tiyi ndi pa Limbuli. Tambala ulendo wonsewo anali pamiyendo panga, miyendo yake itamangidwa ndi kansalu. Ku jekete anachitako zake, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Pachipata ndinatsogola ndine. Atsibweni kumbuyo kwanga anali kalikiliki kumasula pepala la shuga limene analikulunga m'mpango. M'menemo munatuluka khadi la chipani la nthawi ya Kamuzu, risiti la njinga, ndipo pakati pa zonsezo chitupa chawo cha unzika, choyera ngati dzira losenda. Ine ndinasolola changa m'chikwama osachiyang'ana n'komwe, n'kuchiponya pawindo mwa munthu wozolowera maulendo.

Bwana wa pawindopo anayang'ana chitupa, n'kuyang'ana ine. Anayang'ananso chitupa, n'kuyang'ana ndevu zanga.

"Mwaswera bwanji mayi?"

"Pepani bwana, mwati?"

"Ndati mwaswera bwanji Anaphiri. Koma duku mwasiya kuti?"

Anatembenuza chitupacho. Amene ankandiyang'ana pamenepo anali mayi a kunyumba, atavala duku lawo la Mvano, nkhope ili gwa. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti masiku apitawo anatenga chitupa changa kukagulira feteleza, ndipo pobweza anangolowetsa m'chikwama chimene chinali pafupi ndi dzanja. Zitupazi n'zofanana msinkhu ndi mtundu womwe, ndiye mlandu ndi wa amene anabweza mumdima.

Ndinafufuza m'matumba onse. Ndinapeza chiphaso chovotera cha 2014, nthawi imene tsitsi linali lidakali pamutu ndipo khosi linkaoneka. Bwanayo anachiyang'ana mwaulemu kwambiri.

"Uyu ndi mwana wanu?"

Anthu pamzere anayamba kufa nazo. Mayi wina wa thumba la chimanga anati, "Aloleni adutse Anaphiriwa, ali ndi mwana wamng'ono." Ndinayesa kulongosola kuti ndine nkhoswe, kuti kutsidyako nsima yaphikidwa kale, kuti ndine munthu wodziwika ku Zomba. Bwanayo sanakweze mawu. Anangoti iye sangalembe boda pasi m'dzina la munthu amene ali ku Chinamwali akuphika ndiwo.

Ndinaimbira mayi a kunyumba. Foni inaitana mpaka kutopa. Atayankha anati, "Bambo a Chisomo, ndiye chanu chili kuno? Zakhala bwino, ndimafuna kukatapa ndalama."

Anyamata a kabaza anali atanunkhiza kale nkhaniyo. Mmodzi anandinong'oneza kuti pali njira yachidule yodutsa pamtsinje wa Muloza, madzi ofika m'mawondo basi. Ndinayang'ana nsapato zanga, ndinaganiza za msilikali wa ku Mozambique akundifunsa mafunso m'Chipwitikizi pamene ine ndimadziwa "bom dia" yekha, m'thumba mulibe ngakhale metikali imodzi. Ndinati ayi achimwene, zikomo.

Ndiye poti ndinkalankhula ndi manja, tambala ndinali nditamuika pansi. Kansalu kaja kanali katamasuka nthawi yanji, akudziwa ndi iye mwini. Anadzikung'untha, anatambasula khosi, n'kudutsa pansi pa chitsulo chotchinga msewu akuyenda monyang'wa. Palibe anamufunsa chitupa. Ndinathamanga mpaka pachitsulopo, mlonda n'kukweza dzanja. Ndinangoima pamenepo n'kumakuwa, "Gwirani tambalayo! Ndi wa chinkhoswe!"

Atsibweni, boda pasi yawo ili m'manja, anadutsa pambali panga osafulumira.

"Aphunzitsi, musadandaule. Ife osaphunzirafe tikakuyankhulirani."

Tambalayo anagwidwa ndi ana a kutsidya, ndipo mphwanga anachita kumuwombola ndi ndalama. Ine ndinatsala pa Limbuli, pansi pa mtengo, ndikudya chinangwa chootcha. Chinkhoswe ndinachimvera pafoni, mpaka mayunitsi anathera pakati pa nthungululu.

Anabwerako dzuwa litapendeka, atanyamula thadzi limene akuchikazi anapereka posinthana ndi tambala uja. Atsibweni anandipatsa kuti ndilinyamule ndine, ati kuti nanenso ndigwireko ntchito. Akuti kumeneko atafunsa kuti nkhoswe yaikulu ili kuti, iwo anayankha kuti Anaphiri adwala mwadzidzidzi pachipata. Sabata yathayi apongozi a mphwangayo atumiza chitenje chatsopano kuchokera ku Milange, ati mukawapatse mayi aja anadwala aja.