Sabata imodzi ndi makoma a Paolozzi ku Tottenham Court Road

Ntchito yanga imayamba anthu ena akamapita kokagona. Ndimasesa ndi kupukuta m'siteshoni ya sitima zapansi panthaka ya Tottenham Court Road mumzinda wa London, ndipo chaka chino kapitawo anandipatsa mbali ya Central line, imodzi mwa njanji zodutsa pasiteshoniyi. Makoma a kumeneko anakutidwa ndi timagalasi ting'onoting'ono tamitundumitundu, kalikonse kukula ngati chikhadabo. Ndi ntchito ya Eduardo Paolozzi, mmisiri wa ku Scotland wobadwa kwa makolo a ku Italy, ndipo inamalizidwa mu 1986. Malo onse amene anakongoletsa anali okwana pafupifupi masikweya mita 950.

Lolemba tinayamba sitima yomaliza itangodutsa, 12 koloko itapitirira. Mdani wathu wamkulu ndi fumbi lakuda lachitsulo lochokera kumabuleki ndi kunjanji. Limalowa m'timizere ta pakati pa timagalasi n'kukakamira, moti mtundu wachikasu umasanduka ngati phulusa. Ine ndimagwiritsa ntchito madzi ofunda, sopo wosalimba ndi burashi yofewa basi. Pofika 5 koloko m'mawa mikono imakhala italema, koma khoma limakhala likuwala ngati chitenje chongogula kumene.

Lachiwiri anandipatsa mnyamata watsopano, mwana wa ku Lilongwe ngati ine. Ndinamupeza atagwira chitsulo chopalira chingamu pansi, akufuna kuchotsera sitika imene wina anamata pakhoma. Mtima unandigunda. "Achimwene, taimani kaye," ndinatero. Ndinamusonyeza kunyowetsa sitikayo ndi nsanza, kudikira kuti guluu afewe, kenako n'kuikankha pang'onopang'ono ndi chala. Anafunsa kuti, "Nanga Amayi, tikathera nthawi yonseyi pa kapepala kamodzi?" Ndinamuuza kuti galasi likakandika silichira.

Tsiku limene sindiliiwala ndi Lachitatu. Ndinafika msanga, sitima zikuyendabe, ndipo bambo wina wokalamba anali ataima pafupi ndi khoma, ndodo ili m'manja. Ataona yunifomu yanga anandikodola. Anati anagulitsa mawailesi ndi makamera kwa zaka zambiri mumsewu umene uli pamwamba pathupa, nthawi imene Tottenham Court Road inali yodzaza ndi mashopu a zamagetsi. Anayamba kundilozera. Kamera iyo apo. Lipenga la saxophone ilo, chifukwa pafupi pomwepa pali Denmark Street, kumene oimba amagula magitala. Timizere tokhotakhota timene ine ndinkati ndi zokongoletsa chabe, iwo anati ndi mawaya a m'kati mwa wailesi. Ndinali nditapukuta malo amenewa kambirimbiri, mphuno ili pafupi ndi khoma, osadziwa kuti ndikupukuta msewu wa m'zaka za m'ma 1980. Mashopu ambiri aja anatsekedwa, ndipo bambowo anati akafuna kuona kumene anathera unyamata wawo amatsikira pansi pano. Sitima itabwera anakwera, ine n'kubwerera cham'mbuyo mpaka m'mphepete mwa pulatifomu kuti ndione chithunzi chonse kamodzi. Pali agulugufe, magudumu a makina, ndipo m'kanjira kena kozungulira ka m'siteshoniyi muli ng'ombe ndi nkhuku, zimene munthu wa mumzinda uno amangoziona zitakhala kale chakudya.

Lachinayi ndikusesa ndinamva kanthu kakulira m'chotolera zinyalala. Kanali kagalasi kabuluu, kumbuyo kuli simenti youma. Ndinayang'ana khoma ndi tochi mpaka ndinapeza kabowo kake, cha m'munsi pamene anthu amagunditsa masutikesi. Ndinajambula malowo pa foni, kagalasiko n'kukaika mu envelopu, ndi kupereka kwa kapitawo kuti akatumize kwa odziwa kukonza. Wina anganene kuti n'kanthu kachabe. Koma pamene ankakulitsa siteshoniyi, ntchito imene inatha mu 2017, akatswiri anasunga magawo 95 pa 100 alionse a zithunzizi, zina n'kuzisamutsa mosamala. Zimene zinali pamwamba pa masitepe oyenda okha zinagumulidwa, zidutswa zake n'kupita ku yunivesite ya Edinburgh. Zimenezo sizidzabweranso pano, ndiye kotsalaka sindingakataye ndi mapepala a masiwiti.

Lachisanu ndi Loweruka sitima za Central line zimayenda usiku wonse, choncho ndowa ndi burashi zimapuma. Timangotola mabotolo ndi kupukuta zotayika. Masiku amenewa ndi pamene ndimaona anthu ali ndi khoma lawo. Ena amalitsamira akudya tchipisi, ena amajambulitsa patsogolo pake, ambiri amangodutsa maso ali pa foni. Sindiwaimba mlandu, inenso ndinatenga nthawi kuti ndilione.

Loweruka cha m'ma 3 koloko usiku, mnyamata wina wonyamula gitala kumsana anaima pansi pa lipenga lija akudikira sitima. Mnzanga watsopano uja anandigwira mkono n'kuloza. Kenako anaona chingamu chomatidwa pa kagalasi kofiira, ndipo osandifunsa anapita kukanyowetsa nsanza.