Tsiku limene mabuleki anandikana pa Van Reenen

Mwezi watha ine ndi alamu anga tinanyamuka kuno ku Joni pa pikapu yanga yodzaza ndi katundu, ulendo wa ku Durban. Titafika pa mtsetse wa Van Reenen, pa msewu wa N3, ndinasiya galimoto m'giya yaikulu, phazi lili pa mabuleki osalichotsa. Tisanafike kumunsi chopondera chinayamba kufewa, kenaka chinamira ngati ndaponda phala. Ndinatsitsa magiya mpaka tinaima pambali pa msewu, matayala akununkha chopserera. Mtima utakhala pansi, iwo anandifunsa kuti, "Alamu, mafuta a mabuleki munawasintha liti?" Ndinasowa choyankha, pakuti chigulireni galimotoyo ndinali ndisanawasinthepo.

Makaniko amene anatithandiza anandifotokozera zimene ndinayenera kuzidziwa kalekale. Ntchito ya mabuleki ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo katundu akachuluka kutenthako kumachulukanso. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi pang'onopang'ono. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 230 Celsius, koma akamwa madzi angathe kuwira pa madigiri 155. Akawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika pamene mafuta safinyika, choncho mphamvu ya phazi imathera m'njira isanafike ku matayala. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amalangiza kuwasintha pa zaka ziwiri zilizonse, ngakhale aoneke oyera.

Chondichititsa chidwi n'chakuti amisiri akhala akulimbana ndi kutentha ndi kuperepeseka komweku chiyambire. Magalimoto oyamba anatengera nzeru ya ngolo, ya thabwa lokanikiza gudumu. Mu 1888 Bertha Benz, pa ulendo wake wa pa galimoto wochokera ku Mannheim kupita ku Pforzheim m'dziko la Germany, ataona kuti matabwawo akutha, anapempha wosoka nsapato kuti awakhomere chikopa, ndipo ambiri amati apa m'pamene panayambira mapadi, tizidutswa timene timakhuza gudumu kuti liime. Mu 1902 Louis Renault anabweretsa mabuleki a dilamu, okhuzira m'kati mwa chitsulo chonga mphika chozungulira ndi gudumu, chaka chomwecho Frederick Lanchester wa ku Birmingham analembetsa nzeru ya disiki, chitsulo chonga mbale chimene mapadi amachipana mbali zonse ziwiri. Dilamu ndiye inatenga malo kwa zaka zambiri, ngakhale kuti imasunga kutentha m'kati mwake monga mphika wovundikira. Mabuleki oyendera mafuta, nzeru ya Malcolm Loughead, anafika pa matayala onse anayi a galimoto ya Duesenberg Model A mu 1921, ndiye kuti vuto langa la pa Van Reenen linabadwira pamenepo pamodzi ndi ubwino wake. Disiki, imene imazizira msanga chifukwa mphepo imaiomba poyera, inatchuka Jaguar itapambana mpikisano wa Le Mans mu 1953, ndipo galimoto ya Citroën DS inaitengera kwa ogula wamba mu 1955. Mu 1978 makampani a Bosch ndi Mercedes-Benz anatulutsa njira ya mabuleki yotchedwa ABS, imene imaletsa matayala kugwiriratu kuti woyendetsa athe kukhota akuponda mabuleki, chinthu chothandiza kwambiri mvula ya masana ikagwa mwadzidzidzi pa msewu wa M1.

Koma ABS silenga mphamvu imene palibe. Mapadi akatsala mamilimita 3 afika posinthidwa, ndipo ambiri ali ndi kachitsulo kamene kamalira mwadala kuti kakuchenjezeni. Ife tikamva kulirako timangokweza wailesi. Chiwongolero chikamanjenjemera poponda mabuleki, kapena galimoto ikamakokera mbali imodzi, pitani kugalaja tsiku lomwelo. Mapadi otchipa opanda dzina, amene amagulitsidwa m'mashopu ena a zipangizo, ine ndinasiya kuwakhulupirira, chifukwa ndalama imene mwapulumutsa mudzaibweza pogula madisiki. Kumbukiraninso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi.

Disembala wayandikira, ndipo ambiri a ife tidzamanga ngolo kumbuyo, mafiriji ndi njinga pamwamba, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa pa Mwanza. Ine ndasinthiratu mafuta, mapadi akutsogolo ndi paipi imodzi imene inayamba kung'aluka. Alamu anga ati chaka chino mapiri a ku Zobue ayendetsa ndi iwo, ndipo sindinawatsutse.