Chikwama chinatsala ndi alamu: kuyenda ndi kamera ku Gold Reef City

Ntchito yojambula zithunzi kuno ku Dedza imayenda pa njinga yamoto. Chinkhoswe chikakhala ku Lobi, ukwati ku Linthipe, kapena alendo akafuna wowaperekeza ku mapanga a Chongoni kukaona zojambula zamakedzana zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wake mu 2006, wojambula amakwera kabaza ndi zipangizo zake zonse, ndipo msewu ukakhala wa mabampu amadziwa yekha kuti chikwama sabereka kumsana koma amachikumbatira kutsogolo. Ndi chizolowezi chimenechi ndinanyamuka mwezi wa Disembala kupita ku Johannesburg, kumene achemwali anga ndi alamu amakhala, ana awo atandilonjeza kuti akandionetsa Gold Reef City, malo a zisangalalo amene ali chakumwera kwa mzindawo. Anzanga ambiri a ntchito imeneyi, a kuno ndi a ku Ntcheu, amapita ku Joni nyengo ya tchuthi atanyamula makamera ogula movutikira, pomwe zisitima zothamanga za kumalo otere zili ndi malamulo ake amene kabaza saphunzitsa.

Kukonzekera kunayambira mumsika wa pa boma. Chikwama chenicheni cha kamera n'chodula, komanso chimalengeza kwa aliyense wa pa depoti zimene zili m'katimo, choncho ndinatenga chikwama wamba cha ana asukulu n'kupita nacho kwa telala. Iye anadula siponji ya matiresi akale, naikuta ndi chitenje, n'kusoka timagome togawa m'katimo patatu, ndipo pansi anayalapo siponji yochindikala kuposa ya m'mbali, pakuti zipangizo zambiri zimawonongeka pamene munthu akutula chikwama pa simenti mofulumira. M'menemo munalowa kamera, lenzi yaing'ono ya 50mm imene sikwana ndi magalamu 200 omwe, ndi lenzi yaitali ya 70-200mm imene payokha imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Ndinaponyamonso timapaketi toyamwa chinyontho timene timabwera m'makatoni a nsapato zatsopano. Tripod, chija cha miyendo itatu choimikapo kamera, ndinaisiya kunyumba, ndipo palibe pamene ndinaikumbukira.

Basi za ku Joni zochokera ku Lilongwe zimatulukira pa chipata cha Dedza pomwe pano, kulowa Mozambique pa Calomue, kuwoloka Zambezi ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Beitbridge. Katundu wa m'ngolo amatsitsidwa ndi kukwezedwanso pa zipata, nthawi zina usiku, choncho kamera malo ake ndi pamiyendo, kutali ndi zenera, chifukwa dzuwa la ku Tete limatenthetsa chikwama chakuda mpaka mabatire kufunda. Manambala a kamera ndi malenzi ndinawalemba m'kope limene ndinasungamo malisiti ake, kuchitira kuti wofunsa pa chipata aone kuti ndi katundu wanga wa ntchito, osati malonda.

Gold Reef City inamangidwa pamalo pa mgodi wa golide wa Crown Mines umene unatsekedwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo nyumba zake zimatsanzira Johannesburg wakale, wa nthawi imene golide anapezeka kumeneko mu 1886. Kwa munthu wa ku Dedza, amene anakula akumva nkhani za Wenela ndi Theba kwa akuluakulu a m'mudzi, nsanja yachitsulo ya pamwamba pa mgodi si chinthu chongodutsa. Koma ana sanandipatse mpata woima. Anandikokera molunjika ku Anaconda.

Anaconda ndi sitima yolendewera. Njanji ili pamwamba pa mitu ya okwera, mipando imalendewera kunsi kwake, miyendo ili lende mumlengalenga, ndipo imathamanga mpaka makilomita 90 pa ola uku ikuzondotsa anthu mitu pansi kangapo. Munthu akakhala pampando, chotchingira cholimba chimatsika kuchokera kumutu n'kupanikiza mapewa ndi chifuwa, ndipo wogwira ntchito amadutsa mpando uliwonse kuchikoka kuti aone ngati chatseka. Apa m'pamene nzeru ya pa kabaza imathera. Chikwama sichingakhale kumsana chifukwa msana uyenera kutsamira mpando, sichingakhalenso kutsogolo chifukwa chotchingira chiyenera kugunda thupi lenileni, ndipo kamera yobisa m'jekete imangokhala chitsulo chokanikizidwa pa nthiti. Mwana wamkulu wa achemwali anandichonderera kuti, "Amalume, mukatijambule tili m'mwamba, anzathu kusukulu akaone." Alamu, amene anali ataneneratu kuti za kuzondoka anasiyira ana, anangotambasula dzanja nati, "Alamu, mapanga awiri avumbwitsa. Chikwamacho ndipatseni kuno, inu kakwereni."

Alamuwo ananena zoona, ndipo chifukwa chake n'chowerengeka. Sitima ikamakhota mwaliwiro kapena ikafika pansi pa chitsetse, chilichonse chimene chili m'menemo chimalemera mowirikiza, ndipo kuwirikizako akatswiri amakuyeza ndi chilembo cha G. Pamalo omwewo pali Tower of Terror, kangolo kamene kamakwezedwa pansanja n'kugwetsedwa choimirira pafupifupi mamita 50, gawo lina la kugwako lili kunsi kwa nthaka, ndipo kamatchuka kuti pansi penipeni kamafika pa 6.3 G, kutanthauza kuti kulemera kwa chinthu kumawirikiza koposa kasanu ndi kamodzi. Kamera yanga itavala lenzi yaitali imapitirira makilogalamu awiri. Pa kamphindi kameneko ingakoke khosi langa ngati mapaketi a shuga oposa 12 omangidwa pa lamba mmodzi. Timphete timene lamba amakolekapo sitinapangidwire zimenezo, ngakhalenso pakamwa pa kamera pamene lenzi imamangirirapo, pomwe kulemera konse kwa galasi lalitali kumakathera. Zala za munthu n'zimene zimayamba kugonja, ndipo iye amazindikira chinthucho chitachoka kale m'manja.

Ambiri akamva lamulo loletsa kukwera ndi katundu m'manja amaganiza kuti eni malo akuwadera nkhawa za kamera yawo. Nkhawa yeniyeni ndi ya munthu wa mpando wa kumbuyo ndi wa pansi amene akudya chipisi mosadziwa kanthu. Liwiro la makilomita 90 pa ola ndi mamita 25 pa sekondi iliyonse, ndipo foni ya magalamu 200 ikakumana ndi nkhope ya munthu pa liwiro limenelo, nkhani yake ndi ya kuchipatala. N'chifukwa chake a Disney analetsa timitengo todzijambulira m'malo awo a zisangalalo mu 2015, ndipo a Universal ku Orlando, ku America, amadutsitsa anthu pa makina ofufuza zitsulo asanakwere zisitima zawo zina, kuti ngakhale makiyi atsale m'timakabati tokhoma. Ine maganizo anga ndi akuti wojambula amene amazembetsa kamera pa sitima yotere, ngakhale atapeza chithunzi chokongola bwanji, wachita juga ndi diso la mwana wa eni ake, ndipo za makamera ang'onoang'ono a GoPro omangirira pachifuwa ndi bwino kufunsa wogwira ntchito pa sitimayo, chifukwa malo ena amalola pomwe ena amakana.

Ndisanapereke chikwama kwa alamu ndinachotsa lenzi yaitali pa kamera, ndinatseka zivundikiro zonse, n'kuika chilichonse m'chipinda chake, chifukwa munthu amene sanagule kamera sangadziwe mbali imene chikwama chiyenera kugonekera. Foni ndinawasiyiranso, ngakhale thalauza langa linali ndi thumba la zipi. Kugwa si vuto lokhalo. Mkati mwa malenzi ambiri ndi makamera a mafoni amakono muli kagalasi koyandama kamene kamachotsa kunjenjemera kwa manja, ndipo kugwedezeka kwamphamvu kosalekeza kumakatopetsa. Kampani ya Apple inachenjeza mu 2021 kuti kunjenjemera kwa injini za njinga zamoto zamphamvu kungawononge kamera ya iPhone ikamangiriridwa panjingapo, zimene anyamata athu a kabaza omangirira mafoni pa chiwongolero ayenera kuzimva.

Zokwera za pamadzi zimanamiza chifukwa sizioneka zoopsa. Pa Raging River Rapids anthu amakhala mozungulira m'bwato lobulungira limene limatembenuka lokha, moti palibe amene angasankhe mpando wouma, ndipo madzi amene akhavukira m'katimo amasonkhana pansi, pomwe munthu wosadziwa angaike chikwama pakati pa mapazi. Ndinaona bambo wina akutuluka atagwira chikwama cha laputopu chikudontha madzi, nkhope ili gwa. Wosowa womusiyira akulunge kamera m'majumbo awiri ochindikala, lililonse lomanga palokha, aiike m'chikwama, ndipo chikwamacho chikhale pamiyendo, koma pokhapokha ngati ogwira ntchito alola. Majumbo omwewo anandithandiza masana, pakuti Disembala wa ku Johannesburg amagwetsa mvula ya mabingu mosachenjeza, ndipo tinabisala pakhonde la sitolo ina chikwama chitavala jumbo.

Chotopetsa kwenikweni pa tsiku lotere ndi kuyenda ndi kuima pa mizere, osati kukwera. Lamba wopyapyala amene amabwera ndi kamera amadula khosi, makamaka likanyowa ndi thukuta. Wabwino ndi wotambalala, wovala mopingasa kuchokera paphewa kufika m'chiuno cha mbali inayo, kuti kulemera kugawike ndipo kamera ikhale pansi pa chigongono pamene dzanja likuimva nthawi zonse. M'chikwama, cholemera chikhale pafupi ndi msana. Pa mzere wothinana chikwama ndinkachibweretsa kutsogolo, ndipo botolo la madzi linali m'manja mwa ana, chifukwa botolo lotsekedwa mosasamala m'chikwama cha kamera lawonongetsa anthu ambiri kuposa akuba. Memori khadi yodzaza sindinkaisiya m'chikwama. Inkalowa m'kathumba ka zipi ka m'chiuno, kuti ngati chikwama chitasowa, zithunzi zitsale.

Zithunzi zimene ana ankafuna zinajambulidwa ine nditaima pansi, iwo atakweranso kachiwiri. Ndinayamba ndaonerera sitima ikudutsa kangapo kuti ndidziwe pamene nkhope zimayang'ana kwa ine, ndipo ndinasankha pamwamba pa chizunguliro, pomwe liwiro limatsikako pang'ono. Kumeneko ndinalunjikitsiratu lenzi yaitali pa njanji, shutter pa 1/1000 ya sekondi kuti chothamanga chioneke bwino, kamera itaikidwa pojambula motsatizana, ndipo phokoso la magudumu likamayandikira ndinkadina osasiya mpaka mchira wa sitima utadutsa. Pa zithunzi zambirimbiri zotere, zabwino zimakhala ziwiri kapena zitatu, koma pa chimodzi mwa izo mwana wamng'ono akuoneka atatseka maso, pakamwa pali yasa, nsapato zili kumwamba, pomwe mkulu wake amene ankadzitama pa mzere wagwira chotchingira ndi manja onse awiri. Wokhala pampando woyandikana nawo sakanatha kujambula zimenezo. Akanapeza khutu la mnzake ndi thambo lopendekeka.

Pamene kamera inakwera nane ndi pa chigudumu chachikulu chozungulira pang'onopang'ono. Ndinaiveka lenzi imodzi ndisanakwere, popeza kusintha lenzi m'mwamba ndi kumene kumagwetsa zivundikiro, ndipo lamba ndinamuzunguliza pa mkono kawiri kuti kamera isatuluke kunja kwa chipinda chokhalamo. Kuchokera pamwambapo munthu amaona nyumba zazitali za pakati pa mzinda, nsanja ya Hillbrow, ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi imene yatsala apo ndi apo.

Chomaliza chinali kutsikira mumgodi, kumene alendo amapatsidwa zipewa zolimba n'kulowa m'kheji ngati ya anthu a pamgodi. Lenzi yaitali inatsalanso ndi alamu chifukwa m'njira za pansi n'mopanikiza ndipo miyala ndi yonyowa; ya 50mm, imene imatseguka kwambiri, mpaka f/1.8, n'kulowetsa kuwala kochuluka, ndi imene inakwanitsa mdima wa kumeneko popanda flash. Kamera ndinaigwira pachifuwa ndi dzanja limodzi, linalo likutsata khoma, ndipo titatuluka ndinadikira kanthawi ndisanaibwezere m'chikwama kuti chinyontho cha pagalasi chiume. Nditabwerera ku Dedza ndinatsukitsa zithunzi zingapo n'kupita nazo ku Bembeke kwa bambo aakulu, amene anagwirako ntchito ya m'migodi ali mnyamata. Za ana ozondoka anaziyang'ana mwachidule n'kupereka kwa mayi aakulu, koma cha kheji anakhala nacho nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti ndiwakulitsire chimenecho ndipo ndichiike m'felemu.