Tambala wa Alandilodi ndi Filimu Yanga Yoyamba

Foni ija ndinaigula ku Limbe, Tecno yogwirapo kale ntchito, wogulitsa atandilumbirira kuti kamera yake imaona ndi thukuta la nyerere lomwe. Sabata isanathe ndinali nditajambula chilichonse choyenda ku Ndirande kuno: agalu, ana opita kusukulu, minibasi zokanganirana anthu. Kenaka usiku wina, bandulo itatsala pang'ono kutha, ndinawerenga kuti mzungu wina wa ku America, Sean Baker, anajambula filimu yathunthu yotchedwa Tangerine ndi mafoni atatu a iPhone 5s, mpaka mu 2015 inakaonetsedwa ku chikondwerero cha mafilimu cha Sundance. Ndinadzuka pamphasa n'kukhala tsonga. Iyeyo ali ndi mitu iwiri kodi? Zoti anali ndi magalasi apadera omangirira pa mafoniwo komanso anthu odziwa kutola mawu, ndinaziwerenga ndithu, koma ndinazidumpha ngati mmene timadumphira ndime yonena za chakhumi.

Nkhani ya filimu ndinailemba m'kope la mwana wa achemwali. Mbava ikuba tambala, mwini wake aiona, aithamangitsa, igwa, ilapa. Basi. Mbava anali msuweni wanga, mnyamata wamtali ngati mlongoti, woonda, amene nkhope yake ngakhale ali m'tchalitchi imaoneka ngati wabisa kanthu. Mwini tambala anali alamu anga, amuna a achemwali, amene kale ankachita zisudzo za achinyamata kumpingo ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti dziko linawataya.

Zipangizo tinapanga tokha. Choimikapo foni chinali nsungwi zitatu zomanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Maikolofoni anali mahedifoni a foni yomweyo, nditawaveka sokosi kuti mphepo isamafuwirire. Sokosiyo inali yochapa, ndinene msanga, chifukwa alamu amafalitsa zina. Mwana wa neba ndinamupatsa chivundikiro cha poto chotsukidwa ndi mchenga kuti aziwalitsira dzuwa kumaso kwa osewera, ntchito imene anaigwira mokhulupirika mpaka msuweni wanga anayamba kuona nyenyezi masana. Malo m'foni anali ochepa, 32 GB yokha, theka lake lodzaza ndi makanema a m'magulu a WhatsApp. Ndinafufuta maulaliki onse ndi zithunzi za maluwa zondifunira tsiku labwino, ndipo 4K, kajambulidwe kooneka bwino kwambiri kaja, ndinaisiya chifukwa imadya malo ngati anamalira pa nsima. Ndinaika pa 1080p.

Chinatsala ndi tambala. Pabwalo pathu pali tambala mmodzi yekha, wofiira, wa lipombo lalikulu, wa mayi eni nyumba. Alandilodi athuwo ndi mayi achikulire, amasiye, olemekezeka pa Mvano, ndipo tambala ameneyu amamudziwa kuposa mmene amadziwira mayina a ife alendi awo. Kuwapempha ndinaganizako. Koma ndinali ndi ngongole ya lendi ya miyezi iwiri, ndipo munthu wa ngongole sapita kukabwereka tambala. Tinadikira tsiku loti apite ku Mvano. Atangokhota pa ngodya ndi yunifomu yawo yoyera, tinamwaza madeya, tambala anabwera yekha.

Pa YouTube ndinaphunzira malamulo angapo ndipo ndinawasunga: foni uziigoneka osati kuiimika, pukuta diso la kamera, dzuwa likhale kumbuyo kwako. Lamulo lina linali loti uzimitse netiweki, uike foni pa kandege kaja. Limeneli ndinalikana dala, poti ndinkadikira meseji ya ndalama kuchokera kwa achimwene a ku Joni. Chakudza sichiimba ng'oma.

Cha m'ma 10 koloko tinayamba, kuseri kwa nyumba, pa kanjira kotsikira ku Nasolo. Ndinadina batani lofiira n'kukuwa kuti "Akishoni!" Msuweni anayamba kunyang'ama, maso uku ndi uku, bwino kwambiri. Atangotambasula dzanja kuti agwire tambala, foni inalira. Amayi kumudzi ku Thyolo. Ndinadziwa kuti ndi nkhani ya feteleza, choncho ndinaidula msangamsanga n'kukodola anyamata kuti apitirize. Atamaliza ndinakuwa "Kati!" n'kudinanso batani.

Pamenepa ndiye pamene panagona nkhani yonse, ngakhale ine sindinadziwe. Foni ikalira uli pakati pojambula, kanemayo amaima yekha. Ndiye pamene ndinkadina poganiza kuti ndikuimitsa, ndinali ndikuyambitsa. Pamene ndinkadzadinanso poti "Akishoni", ndinali ndikuimitsa. Tsiku lonse zinayenda chomwecho, chafutambuyo. Mudzafunsa kuti kadontho kofiira ndi manambala owerenga masekondi sindinkaziona bwanji. Kuwala kwa sikirini ndinali nditakuchepetsa kotheratu posunga batire, pakuti magetsi anali atathima chigonere, ndipo padzuwa la Okutobala chimene ndinkaona pagalasipo ndi nkhope yanga yokha, yonyadira.

Tinajambula kubako kanayi. Pakati pa zigawozo tinkakhala pamwala kupuma, kudya chinangwa chophika, kucheza momasuka ngati anthu amene palibe akuwamva.

Ndiye inakwana nthawi ya chigawo chachikulu, chothamangitsana. Ndinawauza alamu kuti akuwe ndi mtima wonse, ngati tambalayo ndi wawodi. Sindinayenera kuwauza. Munthu anakoka mpweya, n'kutulutsa mawu amene ndikukhulupirira anakagunda phiri la Ndirande n'kubwerera.

"Wakubaaa! Mgwireni! Wakuba nkhukuuu!"

Aliyense wokhala m'makomboni akudziwa kuti mawu amenewa sagwa pansi. Amayi a pa kiyosiki ya madzi anasiya zidebe. Abambo a pa bawo anasiya njombwa m'manja. Wowotcherera zitsulo anatulukira magalasi akuda ali kumaso, ometa anatuluka ndi kasitomala wometedwa mbali imodzi, nsalu ikadali m'khosi. Msuweni anacheuka kamodzi, n'kuona kuti amene akumutsata salinso alamu okha. Anapana tambala m'khwapa n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka, liwiro lenileni, lopanda sewero.

Ndiulule tchimo langa. Kwa masekondi angapo oyambirira ndinasangalala. Ndinazula nsungwi zanga n'kuthamanga pambuyo pa gulu, foni ili m'mwamba, mumtima ndikuti: taonani khamu laulere ili, anzathu a ku Nigeria amachita kulipira. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Nditaona bambo wina akutola chidutswa cha njerwa, m'mimba munandizizira.

"Ndi filimu! Abale, ndi filimu!"

Mayi wina amene ndinkathamanga naye limodzi, chitenje atachikwinyira m'chiuno, anandiyang'ana n'kuti, "Filimu akaonera kupolisi ameneyo." Ndipo anandipitirira.

Msuweni atafika pa Nasolo anayesa kudumpha. Amene mumaudziwa mtsinje umenewu m'chilimwe mukudziwa kuti madzi ake ndi ochepa koma nkhani zake ndi zambiri. Anatera pakati penipeni, thope mpaka m'mawondo, tambala atamukweza m'mwamba ngati chikho cha mpira. Mwayi wake, oyamba kumufikira anali abambo awiri a chitetezo cha m'dera, amene anamuzungulira n'kuletsa anthu kumukhudza. Alamu anafika akupuma mwa befu, akufotokoza kuti iwo ndi amene anakuwa koma sanabedwe, zimene zinangosokoneza anthu kwambiri. Mapeto ake tonse atatu, ndi tambala, ndi mwana wa chivundikiro, anatitengera kwa amfumu, khamu likutiperekeza. Panjira ndinadina batani kuti ndiimitse kujambula, n'kuponya foni m'thumba la malaya.

Amfumu anatuluka ndi mpando wawo n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Tisanayambe n'komwe kufotokoza, gulu linapatuka pakati, ndipo ndinaona duku loyera likubwera. Mbiri inali itawapeza alandilodi kutchalitchi. Anayang'ana tambala, amene tsopano mchira unali utatsala nthenga ziwiri, kenaka anayang'ana ine.

"Bambo a kuchipinda chakumapeto, tambala wangayu wafika bwanji kuno?"

Ndinagwada mwaulemu, ndinaomba m'manja. "Zikomo amfumu, zikomo mayi. Pano palibe wakuba. Ife timapanga filimu, ndipo umboni wonse uli m'foni muno. Mukaona nokha, mwina mpaka mudzatiyamikira."

Ometa uja anathamanga kukatenga sipika yake ya Bluetooth kuti aliyense amve bwino. Ine ndemwe ndinailumikiza, ndi manja angawa, ndipo ndinakweza voliyumu mpaka kumapeto.

Kanema woyamba anali wokongola. Msuweni akunyang'ama, kuwala kuli bwino, tambala akujompha madeya. Anthu anati "Eee!" Pa sekondi ya 14 anathera pomwepo. Ndinati musadandaule, zenizeni zili kutsogolo.

Kanema wachiwiri anaonetsa mapazi anga m'mapatapata, ndi makoko a chinangwa. Kenaka m'sipika munatuluka mawu anga, omveka bwino kuposa a pa wailesi. Sokosi ija inagwira ntchito yake mosalakwitsa.

"Iwe usaope, gogoyo sabwera msanga, akakayamba kuimba amaiwala kwawo. Ndiponso ndi lendi imene amatidulayi, tambala ameneyu ndi wa tonse. Mwendo umodzi ndi wanga."

Pabwalo panangoti zii. Ndinayesa kudina kuti aime, koma zala zinali thukuta lokhalokha, galasi silinkamva. Amfumu anatambasula dzanja, ndinawapatsa foni, iwo n'kuipereka kwa mdzukulu wawo wa Sitandade 6 kuti ndiye aziyendetsa.

Mawu anga anapitiriza: "Ndinawauza kuti kuntchito malipiro achedwa. Achedwa kuti? Ndalama ya lendi ndi imene mukuionayi, Tecno." Kenaka ndinamveka ndikuyeserera mawu a alandilodi, mmene amaitanira m'mawa pa 1 mwezi, "Odi kuno, kodi mwadzuka bwanji, mwezi watha uja." Ndinawatengera bwino zedi, ndipo chinandipweteka n'chakuti anthu anawazindikira nthawi yomweyo. Wina kumbuyo analephera kudzigwira, anaphulika, ndipo bwalo lonse linagwa nako kuseka. Amfumu anayang'ana kumbali n'kumakhosomola chifuwa chimene analibe. Alandilodi okha sanaseke. Anangopinda manja pamwamba pa buku lawo la nyimbo.

Kanema wachitatu anali wa alamu. Kamera inaloza kumwamba, mitambo ikuyenda, iwo akufotokoza kuti kunyumba anatsanzika kuti akupita kukazonda mnzawo wodwala ku Queens, ndipo ndalama ya mayendedwe ndi ya nthochi za wodwalayo ndi imene tagulira chinangwa. Achemwali anali pomwepo, mwana kumsana. Sananene kanthu, anangoti "Mhm," ndipo alamu anakhala pansi pa dothi.

Za kuthamangitsana kuja, chigawo chimene chikanatipulumutsa, munalibe ngakhale sekondi imodzi. Kanema womaliza anali mdima wa m'thumba, phokoso la mapazi, ndi ine ndikunong'oneza msuweni panjira yobwera kwa amfumu komweko: "Ukakafunsidwa ukanene kuti tambala anatibwereka ndi mdzukulu wawo. Mwana sangamutsutse munthu wamkulu."

Mdzukulu wa alandilodiyo anali ataima pafupi ndi agogo ake, akudya chimanga chootcha. Anasiya kutafuna.

Chigamulo sichinatenge nthawi. Amfumu anati wakuba palibedi, koma pali anthu atatu akuluakulu opanda nzeru amene akanaphetsa mnzawo, ndipo ngati tidzafunenso kukuwa "wakuba" m'dera lawo tiyambe tadzawauza iwo ndi achitetezo. Chindapusa: nkhuku imodzi ya kubwalo, nkhuku ina ya alandilodi yopepesera mchira wa tambala. Za lendi anati si mlandu wawo. Alandilodi anati nawonso sakufuna mlandu, angosunga foniyo mpaka miyezi iwiri ija italowa, poti mwini wake wanena yekha pamaso pa anthu kuti foniyo ndi lendi yawo. Anaikulunga m'kansalu n'kuiika m'chikwama, pamodzi ndi buku la nyimbo. Madzulo ake meseji ya ku Joni inalowa foni ili kwa iwo, ndipo anachita kunditumira mdzukulu uja kudzandiuza kuti ndalama zafika, ndi kuchuluka kwake komwe.

Filimu inatulukabe, koma osati yanga. Mtsikana wina wa pa kiyosiki anajambula kuthamangitsana konse ndi ka Itel ka mayi ake, foni ataiimika, dzanja likunjenjemera, dzuwa likumuomba kumaso, malamulo onse a pa YouTube ataphwanya. Pofika mawa lake kanali m'magulu onse a WhatsApp a ku Ndirande, wina n'kukaika pa TikTok atathiramo nyimbo. Msuweni akuoneka bwino kwambiri ali m'thope. Ine ndikuoneka kumapeto, ndikuthamanga ndi nsungwi zitatu, sokosi ikulendewera. Mpaka lero ndikamadutsa pa bawo amandikuwira kuti "Akishoni!", ndipo a kabaza amayankha "Kati!"

Foni ndinaiwombola patatha milungu itatu. Pondibwezera, alandilodi anandiuza kuti amayi a Mvano akufuna kujambulitsa nyimbo ziwiri Loweruka, ndipo poti mawu foni yanga imatola bwino, iwo ndi mboni, ndibwere nayo pamodzi ndi nsungwi zija. Ndinavomera msanga, ndinayamba kufotokoza za dzuwa ndi poimira oimba. Anandidula.

"Inu mudzangogwira nsungwizo, bambo. Batanilo ndidzadina ndekha."