Phula la ku Chigwa limasweka m'bandakucha

M'kope langa la maphunziro opanga makandulo, nkhani yoswa phula ili ndi mzere umodzi basi: "Ikani m'thumba, menyani ndi hamala." Za zingwe ndinalemba masamba atatu, za zikombole awiri, za mitengo ndi phindu anayi. Koma mzere umodzi umenewu ndi umene wandidyera masabata ambiri kuposa zonsezo.

Maphunzirowo ndinakachitira ku Blantyre, masiku atatu, mwezi wa June, chiperoni chitakuta mzinda wonse. Ine wa ku Ngabu ndinafunda zitenje ziwiri pamwamba pa juzi, anzanga nkumandiseka. Aphunzitsi athu, amayi achikulire a timanja tating'ono, anatulutsa buloko la phula loyera ngati sopo, lolemera makilogalamu 5, nkulilowetsa m'thumba la nsalu. Anamenya kamodzi, phwaa! Kachiwiri, phwaa! Atakhuthulira m'beseni zinali zibenthu zokhazokha, zakuthwa m'mbali ngati galasi losweka. Palibe amene anakweza mkono. Ungafunse chiyani pa chinthu chimene ngakhale mwana angachite? Tonse maso anali pa zikombole.

Maganizo a makandulo ndinali nawo kuyambira mu January 2022, pamene namondwe Ana anawononga damu la ku Kapichira kuno ku Chikwawa, magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130 nkuchoka m'dziko muno kwa nthawi yoposa chaka. Kagolosale kanga makandulo ankatha tsiku lomwelo ndapikula. Ngakhale magetsi ali bwino, midzi yambiri kuseri kwa msewu wa M1 mawaya sanafikeko, ndipo pamaliro, kutchalitchi ndi kwa ana owerenga usiku kandulo amafunikabe tochi ikatha mabatire.

Ndalama ya mpamba inakwana mu October. Ndinagula ku Limbe katoni ya makilogalamu 25, mkati muli mabuloko asanu. Kondakitala anaiponya kumbuyo kwa mpando wa dalaivala, pamwamba penipeni pa injini, ine osaganiza kanthu. Tinatsika Thabwa makutu akutsekeka, kuwoloka Shire, kudutsa Dyeratu ndi Nchalo, mphepo yolowa pawindo ikuwotcha ngati yochokera mu uvuni wa masikono. Ndinafika cha m'ma 2 koloko masana, ndipo chifukwa cha phuma sindinadikire ngakhale kumwa madzi. Ndinatenga thumba la chimanga, kulowetsamo buloko, kuliika pakhonde, kukweza hamala.

Linangoti bu.

Ndinamenyanso, mwina kakhumi. Nditasuzumira, buloko linali lathunthu, lili ndi timaenje ta hamala tokhatokha, ulusi wa thumba utalowerera m'phulamo ngati tsitsi mu chingamu. Mkwiyo unandigwira, ndinakatenga chikwanje. Chinalowa kuya kwa chala nkukanirira momwemo. Pochizula buloko linadumpha kugwera pabwalo, tizidutswa tina mbwee m'fumbi, nkhuku nkuthamangira poyesa madeya. Agogo, amene anali pamphasa pansi pa mtengo wa nimu, anangoti, "Safunsa anadya phula. Iwe ukufuna kulidya katoni yonse?"

Usiku umenewo ndinayamba kuwerenga pafoni, ndipo ndinayambira pa dzina. Pakatoni analemba kuti paraffin wax, pomwe ife parafini timamudziwa ndi wa m'koloboyi. Si chinthu chimodzi, ngakhale zonse zimachokera ku mafuta okumbidwa pansi akamayengedwa. Phula limeneli analipeza koyamba mu 1830 ndi Karl von Reichenbach, katswiri wa ku Germany, m'phula lakuda lotuluka mu nkhuni zowotchedwa, ndipo mu 1850 James Young wa ku Scotland analembetsa njira yake yotulutsira mafuta ndi phula ku malasha. Zinandiseketsa, chifukwa ndinkaona ngati Chichewa chinasowa mawu potchula la njuchi, la mumsewu ndi la makandulo ndi dzina limodzi. La mumsewu ndi la makandulo ndi pachibale ndithu. Agogo amati sera, liwu limene linabwera ndi Apwitikizi, ndipo kuno kufupi ndi malire a Mozambique ukalitchula aliyense amamva.

Chimene chinanditsegula maso ndi manambala awiri amene ndinkawaona pakatoni osawalabadira: 58/60. Amenewa ndi madigiri amene phulalo limasungunukira. Koma phula silili ngati madzi oundana, amene amakhala mwala mpaka nthawi yosungunuka itakwana. Limayamba kufewa kutali kwambiri lisanafike pa 58. Likazizira limakhala louma gwa, ukalimenya mng'alu umathamanga kuchokera mbali ina kufika ina. Likafunda limangopindika nkumeza nkhonya yonse, ngati nsima ya dzulo. Ku Blantyre mu June linali lozizira. Kuno mu October ndi November kutentha kumadutsa madigiri 40 pamthunzi, pansi pa malata osanena, ndiye onjezani maola atatu pamwamba pa injini ya minibasi. Aphunzitsi sananame. Anangophunzitsa za kwawo.

Ndisanafike pa njira yabwino ndinalakwitsanso kamodzi, ndipo apa mpamene ndinataya ndalama. Tizidutswa tija tinagwa m'fumbi ndinatitola nkutitsuka m'ndowa ngati mpunga, kutikung'untha pang'ono, kuponya m'chitini chosungunulira. Madzi ndi olemera kuposa phula, amakakhala pansi, ndipo ena amabisala m'ming'alu. Makandulo oyambawo anatuluka ndi timabowo m'mbali ngati adwala nthomba, ndipo ukawayatsa ankathetheka, lawi nkumadumphadumpha mpaka kuzima. Ulusi wa thumba uja, poti ndi wapulasitiki, unkanunkha ukafika pamoto. Mchenga unkatseka chingwe. Kandulo amayaka chifukwa chingwe chimakoka phula losungunuka kukwera nalo kumoto, monga nsalu imakokera madzi, ndiye chikatsekeka lawi limafa ndi njala phula lili pomwepo. Ndinawasungunulanso onse, kuwasiya akhazikike kuti zinyalala zitsike, kutsanula za pamwamba zokha kudzera pansalu yoyera. Nditayeza pasikelo, pa makilogalamu 5 aja panasowa magalamu 400. Makandulo anga amalemera magalamu 50 aliyense. Ndiye kuti asanu ndi atatu anapita ndi nkhuku, thumba ndi nsalu yosefera, ndisanagulitse ngakhale mmodzi.

Amene anandiwongola sanapangepo kandulo chibadwire. Ndi amalume anga, mmisiri womanga nyumba. Anandipeza Lamulungu madzulo ndikulimbana ndi buloko lachiwiri, anaima kaye kuonerera, kenako anati, "Mwanawe, unaonapo ine ndikudula njerwa itagona pansi?" Anatenga njerwa ziwiri, kuzitalikitsa pang'ono, kugoneka buloko pamwamba pake ngati mlatho, pakati pali mpata. Anati chinthu chikagona chonse pasimenti, mphamvu ya hamala imathera m'simentimo. Chikalendewera pakati, chimafuna kupindika, ndipo chosatha kupindika chimathyoka. Analemba mzere ndi nsonga ya mpeni, kubwereza kanayi mpaka unalowa ndithu, nkutembenuza buloko kuti mzerewo uyang'ane pansi.

Pamenepa ndinatsutsa. "Amalume, mzere ukhale pamwamba kuti ndizionapo pomenya." Anaseka. Anatola kamtengo kouma, kukapinda pang'onopang'ono pamaso panga, nkundifunsa kumene kayambire kung'aluka. Kanayambira kunja kwa chigongono chake, mbali imene ikukokeka, osati imene ikufinyika. Ukamenya pamwamba, mbali yokokeka ndi yapansi, choncho mzere uyenera kudikira kumeneko. Zimenezi m'kope langa munalibe, ndipo ndikukayika ngati ndikanazimva bwino chonchi pabolodi.

Koma ngakhale iwo, madzulo amenewo buloko linawakana. Linangowerama pang'ono pakati pa njerwa ngati likuwapatsa moni. Anagwedeza mutu nkunena kuti tiyesere m'mawa, konkire nayenso sathira dzuwa lili pamutu.

Usiku ndinakulunga buloko m'pepala lapulasitiki, kulimanga bwino kuti madzi asalowe, kuligoneka pasimenti pakhonde lakummwera kumene kumadutsa kamphepo, nkufunditsa chiguduli chonyowa. Nzeru yake ndi ya mtsuko: madzi akamauma amachoka ndi kutentha. Ndinadzuka 4 koloko, atambala asanatope kulira. Buloko linali lozizira m'manja, ndipo nditaligogoda ndi chala linalira mosiyana, kaliwu kouma ngati ka thabwa, osati kogontha kaja ka masana. Ndinaliika panjerwa, mzere pansi, nsalu pamwamba. Kumenya kamodzi kokha, pha! Pakati penipeni, mowongoka ngati ladulidwa ndi sowo. Ndinakhala pansi kuseka ndekha mumdima.

Kuyambira tsiku limenelo ndimagogoda kaye ndisanakweze hamala. Likalira mogontha ndimalisiya, ndikachite zina.

Alamu anga amagulitsa zoziziritsa kukhosi ku Nchalo ndipo ali ndi firiji yaikulu ija yotsekula pamwamba. Tinayesa kuikamo buloko kwa maola awiri, ndipo linasweka mosavuta kuposa la m'mamawa, mwinanso mopitirira, chifukwa linatulutsa tinyenyeswa tambiri. Vuto lake ndi lina: ukangolitulutsa limachita thukuta ngati botolo la Fanta, ndiye ngati sulipukuta ndi kuliyanika pamthunzi, wabwereranso ku makandulo othetheka aja. Komanso kudalira firiji popanga chinthu chimene anthu amagula magetsi akazima, ine ndimaona ngati nthabwala. Chiguduli sichifuna mayunitsi.

Kukula kwa zibenthu nako ndinachita kuphunzira ndi makala. Phula limachedwa kulandira kutentha. Chibenthu chachikulu ngati theka la njerwa chimasungunuka kunja kokha, mtima wake uli gwa, mbaula nkumangodya makala. Tinyenyeswa tosalala ngati ufa timasungunuka msanga, koma timamatirira kunsalu, m'manja ndi pansi, ndipo theka lake silifika m'chitini. Ine ndakhazikika pa zibenthu zonga bokosi la machesi, zikakula zonga dzira. Ndikathyola buloko pakati, theka lililonse ndimalithyolanso panjerwa, kenako ndimalowetsa m'chikwama cha pilo chakale cha thonje, chochapidwa ndi kuuma bwino, nkumaliza ndi hamala mopepuka. Thumba la chimanga kapena la feteleza ayi, ndinalapa. Chikwanje chinabwerera kumunda.

Posungunula, chitini cha phula chimakhala m'poto wa madzi, osati pamakala mwachindunji. Madzi sapitirira madigiri 100, pomwe nthunzi ya phula imagwira moto likatentha kufika cha m'ma 200. Izi aphunzitsi anazibwereza tsiku lililonse, pamodzi ndi lamulo loti phula likayaka osathira madzi, chifukwa limaphulika nkumwaza moto. Umavundikira ndi chivundikiro, kapena kuthira mchenga wouma. Ndowa ya mchenga imakhala pambali pa mbaula yanga, ndipo ana amadziwa kuti si yoseweretsa.

Kufewa kwa masana kuja ndinadzakupezera ntchito. Phula likamauma m'chikombole limanyala, nkusiya kadzenje kutsinde kwa kandulo kofunika kuthiramo lina. Pamenepo pamafunika lochepa, mwina supuni zingapo, ndipo masana mpeni umapala buloko mosavuta ngati ukusenda chinangwa. Ndiye m'mamawa ndimaswa, masana ndimapala.

Manambala a pakatoni aja tsopano ndi oyamba kuwayang'ana ndikamagula. Alipo ena otsika, monga 54/56, ndipo wogulitsa akhoza kukuuzani kuti phula ndi phula. Kumtunda mwina zilibe kanthu. Kuno kandulo wa phula lofewa amawerama pashelefu asanagulidwe, ngati nthochi. Ndayamba kusakanizamo stearin, gawo limodzi pa magawo khumi, amene amalimbitsa kandulo ndi kuthandiza kuti atuluke bwino m'chikombole. Iyeyu ubwino wake amabwera kale ali tinyenyeswa, safuna hamala.

Sabata yatha bambo ena oweta njuchi cha ku Majete anandibweretsera phula la njuchi, chimbale chachikasu chooneka ngati beseni limene anaumitsiramo, chonunkhira uchi. Limeneli limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, kuposa langa loyera, ndiye ndinayesa kuti likhala losavuta kuswa. Ayi ndithu. Ndi lonanda, limagwirana lokhalokha, ndipo ngakhale m'mamawa tchizulo inangolowa nkukakamira. Pansi pake pali chikhungu chakuda cha zinyalala za m'chisa chofunika kupala kaye. Ndatsegula tsamba latsopano m'kope muja, pamwamba ndalemba kuti "sera", pansi pake palibe kanthu. Chimbalecho chili pakhonde panopa, m'pulasitiki, chiguduli chonyowa pamwamba, ndipo amalume ati abwera 4 koloko ndi tchizulo yawo yaikulu.